Tinachotsa Chilala ndi Mavoti Atatu

Chaka cha njala chija, chimene mvula inagwa masiku ochepa n'kupita kukapuma, ine ndinali membala wa bungwe la anthu opanga magemu a pakompyuta. Ndikuti bungwe chifukwa linali ndi wapampando, malamulo ndi buku lachikuto cholimba lolembamo zokambirana. Anthu ake tinalipo anayi. Tinkakumana kawiri pamwezi, Loweruka, pa Ulongwe, kuseri kwa shopu yokonzera mafoni, m'kachipinda kokwana anthu atatu.

Koleji ndinali nditasiya. Tinagwirizana bwinobwino ndi akuluakulu a sukuluyo kuti tisiyane, kungoti iwo ndi amene anayamba kuliona ganizolo, ndipo analimata pabolodi kuti aliyense awerenge. Ndinatulukako ndi zinthu ziwiri: laputopu imene amalume anandigulira atagulitsa mpunga wawo, ndi chizolowezi choyamba ndi mawu akuti "kwenikweni" ndikafuna kunama. Kumudzi kwa Kawinga sindinabwerere. Ndinakhazikika pa boma la Machinga n'kumathandiza pa shopu ina yotaipa makalata, kumene ankandilipira ndi malo ogona ndi malangizo.

Wapampando wathu anali mayi wina wophunzitsa masamu ku Balaka. Gemu yawo inali ya manambala, ndipo palibe amene anaimalizapo, ngakhale iwo eni. Wachiwiri anali mwini shopu ya mafoniyo, Msilamu wofatsa wa ndevu zochepa, amene ankatipatsa magetsi a sola. Iye ankapanga gemu ya kondakitala: anthu, nkhuku ndi matumba zikugwa kuchokera kumwamba, iwe n'kumazipanikiza m'minibasi mpaka chitseko chikane kutseka. Wachitatu anali wojambula zikwangwani za mashopu. Kompyuta analibe, koma zithunzi za magemu athu onse ankajambula ndi iye, n'chifukwa chake mbuzi za m'magemu a chigawo chimenecho zinkafanana ndi agalu.

Mbiri ya njala ya chaka chimenecho ikupezeka m'buku lathu, pa mzere wakuti "zodyera". Poyamba aphunzitsi ankalemba mandasi ndi zakumwa za m'botolo. Kenako chinangwa chophika. Kenako chinangwa chachiwisi. Atafika pa mango osapsa owiritsa analemba kuti "zipatso", chifukwa bungwe linafunika kusunga ulemu wake.

Lamulo lathu lalikulu linali la kukhala chete. Gemu yako ikamayesedwa, tinkaitana munthu amene sanaionepo, kaya wogulitsa tomato, kaya wakabaza amene akudikira foni yake, n'kumukhazika pa laputopu. Iwe woipanga unkakhala pakona pa ndowa yovundikira, manja pansi pa ntchafu, pakamwa potseka. Munthu asochere, atukwane, adine batani lolakwika kakhumi, iwe zii. Ena onse nawo sankaloledwa kumuthandiza. Aphunzitsi ankati gemu ikapita kutali sudzapita nayo kuti uzikaifotokozera, choncho iphunzire kudzilankhulira ikadali pakhomo. Wophwanya lamuloli gemu yake inkadumphidwa misonkhano iwiri, chilango chimene kwa ife chinali ngati kuchotsedwa mumpingo.

Yanga inali ya ulimi. Kamunthu kali ndi munda, thumba la mbewu ndi feteleza, pamwamba pali kalendala. Umabzala, kupalira, kuthira feteleza, kubandira, pomaliza n'kuona ngati nkhokwe yadzaza. Poyamba ndinaikamo chilala: nthawi zina mvula inkadula yokha popanda chifukwa, chimanga n'kufota. Oyesa atatu otsatizana anadzuka atakwiya. Wakabaza wina anati, "Ndachita zonse bwinobwino, ndiye mukundipha njala? Zachibwana izi," n'kuiwala ndi foni yake yomwe.

Nkhaniyi inakambidwa pa msonkhano wa mu Januwale. Panja dzuwa linali lophulitsa malata, ndipo chimanga cha kuseri kwa shopu chinali chitapinda masamba ngati anyezi.

"Munthu akaluza azidziwa kuti walakwitsa yekha," anatero aphunzitsi. "Akatero amabwereza. Koma akaona kuti wachita zonse n'kuluzabe, sabweranso. Gemu izikhala yachilungamo."

"Komanso chilala chili panjapa chaulere," anawonjezera mwini shopu. "Munthu angachifunirenji m'kompyuta?"

"Ine chimanga chofotacho ndajambula masiku awiri," anadandaula wojambula. "Ndi chithunzi chokhacho chimene chafanana ndi chinthu chake."

Tinavota. Atatu tinati chichoke, wojambula yekha ndi amene anakana. Ndinafufuta mizere ingapo, ndipo chilala chinatha pomwepo, mphindi isanakwane. Mpaka lero sindimvetsa chimene maboma amavutika nacho. Kuyambira tsiku limenelo mvula ya m'gemu yanga inkabwera tsiku lake, n'kumagwa mwaulemu mpaka kukolola. Wobzala mbewu yonse ndi mvula yoyamba ankadzaza nkhokwe. Wozengereza ankaluza, ndipo pa sikirini pankatuluka mawu amene ndinawalemba ndekha n'kuwanyadira kwambiri.

Amalume anabwera pa boma nyengo ya mango osapsa, Loweruka m'mawa. Ndi achimwene awo a mayi anga, eni mbumba, mlimi wa chimanga ndi mpunga cha ku Chiuta, munthu amene mawu ake amatuluka amodziamodzi ngati akuwadula ndi mpeni. Anakhala pakhonde pa shopu yotaipa makalata ija, anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anali atachepa. Kolala ya malaya inkayenda yokha m'khosi.

Titapatsana moni anapereka nkhani ya kumudzi mwadongosolo lake. Mayi anga ankadya kamodzi patsiku. Ana a mlongo wanga ankapita kudambo kukakumba nyika, mizu ya zomera za m'madzi. Mbuzi zinali zitapita kale.

"Ndiye ndabwerera makina aja," anatero. "Ku Balaka kuli munthu woika mafilimu m'mafoni a anthu. Akuwafuna. Tikagula chimanga."

"Kwenikweni, amalume, chimenechi ndi chida cha ntchito."

"Ntchito yake iti?"

"Yopanga magemu."

"Amadya?"

Ndinawapempha kuti tidzere kaye pa Ulongwe akaone okha. Anavomera chifukwa munthu wa mafilimuyo anali atawauza kuti apezeka masana. Maganizo anga anali akuti akaona bungwe, buku ndi wapampando, adzazindikira kuti mphwawo ndi munthu wofunika, n'kugulitsa njinga yawo m'malo mwa laputopu yanga. Pa nkhani ya njalayi ndinali wokonzeka ndi mtima wonse kuti amalume adzipereke nsembe.

Pa Ulongwe anatilandira mwaulemu. Mwini shopu anawalonjera m'Chiyao, n'kuwapatsa mpando wokhawo wokhala ndi miyendo yonse. Aphunzitsi atamva kuti gemu yanga sanaionepo, komanso kuti ndi mlimi, maso awo anawala, chifukwa oyesa atsopano anali atatha pa Ulongwe ponse. Analozera ine ndowa. Ndinakhalapo, manja pansi pa ntchafu.

"Abambo, inu muzingosewera," anatero aphunzitsi. "Zimene mukuganiza muzinena mokweza. Ife sitikuthandizani. Mphwanuyo saloledwa kulankhula mpaka mutamaliza."

Amalume anacheuka n'kundiyang'ana.

"Ameneyu? Osalankhula?"

"Ngakhale liwu limodzi."

"Mayi, malo amenewa mukanawatsegula kale."

Anayamba ndi chala chimodzi, kudina mabatani ngati akuyesa ngati njoka yafadi. Sanachedwe kugwira njira yake. Kamunthu kanayenda m'munda, kanakonza mizere. Anafunsa kuti agalu akufunanji m'munda, wojambula n'kuyang'ana kudenga. Kenako mitambo inada pa sikirini, mvula n'kuyamba.

Amalume anabzala theka la munda n'kuima.

"Yotsalayi ikhale kaye," anatero, akuloza thumba la mbewu. "Mvula yoyamba sumaikhulupirira. Imabwera kudzakuona chabe."

Ine pa ndowa ndinkadziwa kuti m'gemumo mvula yoyamba ndi imene inali yoona, popeza yonama tinali titaichotsa. Kalendala inayenda. Pamene ankabzala theka linalo n'kuti nthawi itapita. Nkhokwe inafika m'chiuno, kamunthu kanagwira pamimba, mawu anga aja n'kutuluka. Amalume anawawerenga mokweza, pang'onopang'ono, monga amawerengera kalata ya maliro.

"Mwachedwa, akulu. Njalayi mwaiitana nokha. Yesaninso."

 Panja wina ankanenerera tomato.

"Walemba ndani zimenezi?"

Anatembenukira kwa ine.

"Iwe. Ndikufunsa."

Kwathu amalume akakufunsa umayankha, ngakhale uli m'madzi. Koma aphunzitsi anali atandiyang'ana pamwamba pa magalasi, cholembera chili m'mwamba. Ndinali pakati pa maboma awiri. Ndinasankha kuyang'ana zala za kumapazi.

"Saloledwa, achikulire," anatero mwini shopu motsitsa mawu.

"Ndamva. Ndimafuna ndione ngati lamulo lanulo ndi lolimba." Anabwerera ku sikirini. "Akuti ndiyesenso. Chabwino."

Ulendo wachiwiri anasamala kuposa poyamba. Anadikira mvula yachiwiri, feteleza anamusunga mpaka ataona kuti chimanga chagwira. Ali mkati anayamba kufufuza m'mbali mwa sikirini.

"Chinangwa chili pati?"

Anasuntha chala n'kufunsanso.

"Mbatata? Nandolo? Munthu ameneyu walima chimanga chokhachokha? Ali ndi ana?" Anadina apa, anadina apo. "Nanga ganyu ndi batani liti?"

Mwini shopu anatsokomola n'kutuluka, akuti akaone ngati sola ikulandira dzuwa. Aphunzitsi ankalemba mofulumira: chinangwa, mbatata, nandolo, ganyu. Amalume analuzanso, n'kuwerenganso mawu aja mokweza, onse, osadumpha ngakhale limodzi. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti nthabwala ikawerengedwa kawiri ndi munthu amene sanadye imasintha kakomedwe.

Kachitatu anagawa munda patatu n'kumabzala motalikitsa masiku, kuti ng'amba ikabwera ipeze china chitakula, china chisanamere. Anafotokoza zimenezi mokweza monga anawapemphera, ndipo inali nzeru yoti munthu ulembe. Wojambula ankagwedeza mutu movomereza. Gemu yanga inawayankha kuti njalayi aiitana okha.

Apa anachotsa chala pa batani. Ndinaganiza kuti basi zatha, adzuka. Koma anakoka mpando kuyandikira, n'kuyambanso. Mitambo itangoda, dontho loyamba lisanafike pansi, anabzala munda wonse. Mbewu yonse, thumba mpaka kukutumula. Feteleza yense anathira tsiku loyamba limene gemu inalola. Sanasiye kalikonse kumbuyo. Ankadina mwamphamvu moti laputopu inkasuntha patebulo.

Chimanga chinakula chobiriwira, chinamasula, chinabereka ziwiriziwiri. Nkhokwe inadzaza mpaka kutayikira. Kanyimbo kachipambano, kamene tinajambula wojambula akuimba mluzu, kanalira. Kamunthu kanavina. Pa sikirini panatuluka zilembo zikuluzikulu: "Mlimi weniweni!"

Tinaomba m'manja. Lamulo linkalola kuomba m'manja. Ine ndinatulutsa manja pansi pa ntchafu n'kuomba kuposa onse, poona kuti laputopu yapulumuka ndipo njinga ya amalume yapita.

Iwo sanaombe. Ankangoyang'ana nkhokwe ija.

"Umu ndi mmene ndinachitira," anatero.

Tinasiya kuomba.

"Chaka chino. Ndendende chonchi." Sankayang'ana aliyense. "Moyo wanga wonse ndimasungako mbewu. Anthu amandiseka kuti ndine wamantha. Chaka chatha anzanga anakolola kundiposa, akazi pachitsime n'kumati achimwene a uje amabzala ngati akuba. Ndiye mvula ija itabwera, yamphamvu, nthaka n'kununkhira, ndinati chaka chino aone. Ndinabzala yanga yonse. Ndinapita kwa mayi akoyo n'kutenganso yawo. Iwo ankati, achimwene, tisiyeko pang'ono. Ndinawakalipira pamaso pa ana. Chinamera chonse, chokongola ngati ichi. Kenako dzuwa." Anapukuta sikirini ndi chikhatho, pamene panali fumbi. "Yobwerezera panalibe. Ena anabwereza, anapezako kochepa. Ife ayi."

Zimenezi sindinkazidziwa. Ndinkadziwa kuti kumudzi sanakolole, monga sanakololere ambiri, ndipo pa foni mayi ankangoti dzuwa. Maulendo atatu aja amalume ankalima mmene akanafunira kuti alime, gemu yanga n'kumawatukwana. Atalima mmene anaphera mbumba yawo ndi njala, inawavinira.

Aphunzitsi anatseka cholembera. Kenako anati, ndi mawu a pamsonkhano, "Wopanga angathe kulankhula tsopano."

Miyezi yonse ija ndinkadana ndi ndowa imeneyo chifukwa chonditseka pakamwa. Tsiku limenelo ndikanakonda atandisiya pomwepo mpaka Lolemba.

"Kwenikweni," ndinayamba, kenako ndinaona kuti bodza palibe lokwana. "Chilala chinalimo, amalume. Tinachichotsa."

"Munachichotsa."

"Eya."

"Bwanji?"

"Tinavota."

Anatiyang'ana mmodzimmodzi: mphunzitsi wa masamu, katswiri wa mafoni amene anali atabwerera n'kuima pakhomo, ndi mphwawo wa ku koleji.

"Nonse?"

"Mmodzi anakana."

Wojambula anakweza dzanja pang'ono, ngati mwana amene sakudziwa ngati akuitanidwira mphatso kapena chikwapu. Amalume anadzuka, anapita pamene anali n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

"Agalu anu aja ndi abwino," anamuuza.

Atatero anakhalanso pansi n'kufunsa aphunzitsi ngati n'kololedwa kubwereza kamodzi. Anati n'kololedwa. Anabzalanso zonse ndi mvula yoyamba, mofatsa tsopano, n'kudikira. Nkhokwe itadzaza anaisiya pa sikirini mpaka kanyimbo kanatha, kamunthu n'kumavinabe popanda nyimbo. M'buku lathu munalembedwa kuti woyesa anasewera kasanu popanda womukakamiza, zimene sizinachitikepo ndi gemu ina iliyonse ya bungwelo. Ndimanena zimenezi paliponse pamene ndapatsidwa mpata.

Kenako anatseka laputopu bwinobwino, ndi manja awiri, n'kuiika m'chikwama chawo cha nsalu.

"Tiye. Munthu uja angachoke."

Za njinga sindinazitchule. Ndinadzamva pambuyo pake kuti inali itagulitsidwa mwezi wathawo, ndipo pa boma anafika pa matola.

Mwini shopu anapempha mphindi ziwiri. Anatulutsanso laputopu m'chikwama, n'kukopera mafayilo anga onse pa fulashi yake, imene anaimangirira kachingwe n'kundiveka m'khosi ngati chithumwa. Aphunzitsi anati malamulo sanena kuti membala akhale ndi kompyuta, umboni wake ndi wojambulayo, ndipo anandiuza kuti msonkhano wotsatira ndibwere ndi ganyu ndi chinangwa zitajambulidwa papepala. Anatipatsa mango awiri a paulendo. Amalume anadya lawo ndi khungu lomwe tisanafike pa siteji.

Ku Balaka wa mafilimu anali mnyamata wonenepa bwino, munthu woyamba wonenepa amene ndinamuona mwezi umenewo. Anaitembenuza laputopu, anainunkhiza, anadandaula za batire, kenako anagwirizana ndi amalume. Anati zonse za m'katimo zichoke chifukwa akufuna malo.

"Kamunda kaja musiyemo," anatero amalume. "Sikadya malo."

"Madala, anthu kuno amafuna mafilimu a nkhondo. Za kumunda ali nazo kwawo."

Ndinafufuta ndekha. Amalume anaima kumbuyo kwanga n'kumayang'ana kamzere kobiriwira kakuyenda mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja.

Chimanga tinagula pamsika pomwepo. Sichinali chambiri monga ndinkaganizira kuti maphunziro anga angalemere, koma chinafuna anthu awiri kuchikweza pa minibasi. Ndinapita nawo mpaka kumudzi, koyamba chichokereni ku koleji. Tinagona panjira kwa achibale ku Liwonde, n'kufika mawa lake dzuwa lili pamutu. Mayi anatuluka m'nyumba akumanga chitenje, ndipo ndinaona kuti chinkazungulira kawiri pamene kale chinkazungulira kamodzi ndi theka. Anayang'ana matumba, anayang'ana ine, sanafunse za laputopu. Anatuma ana kuti akabwereke lichero, n'kutiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango umene unali utatha kale zipatso.

Atakhala pansi anafunsa achimwene awo, ngati ine palibe, mmene amafunsira za mbuzi imene yapita kukaonetsedwa kwa alangizi.

"Nanga mwakamuona mwana wanuyu, achimwene? Kutauniko amachita chiyani?"

Amalume anavula nsapato, anakutumula mchenga, anaziika pambali moyandikana.

"Ntchito amagwira, achemwali," anatero. "Yabodza, koma amagwira."

Mayi anagwedeza mutu, anandipatsa thumba laling'ono n'kundiuza kuti chigayo amatseka msanga masiku ano, ndithamange.